KANEMA WA ALIMI M'CHIGWA CHA HENGA

Wolemba: Mlangizi wa Zaulimi

Anthu ambiri a ku Chigawo cha Pakati ndi cha Kumwera amene anakwerapo basi ya ku Karonga anadutsa m'chigwa cha Henga osadziwa dzina lache, pakuti ambiri amapyolapo usiku ali m'tulo. Koma ndi dziko loyenera kuti mlimi ali yense alidziwe, chifukwa zimene zikuchitikira nthaka ya kumeneko zikuchitikanso kwanu ndi kwathu. Tsono lero ndifuna kukusimbirani za chigwa chimenechi, ndiponso za kanema amene akuonetsedwa m'midzi madzulo pofuna kuthandiza anthu kusunga nthaka, mitengo ndi madzi. Ndinapita kumeneko m'mwezi wa Okutobala, mvula isanagwe, nditaitanidwa ndi mlangizi mnzanga amene agwira nchito m'dera limenelo.

M'MENE DZIKOLO LILIRI

Mukachoka pa Mzuzu kulowera kumpoto pa mseu waukulu, mumapyola Ekwendeni ndi Enukweni, ndipo mseu umatsata mtsinje wa Kasitu kufikira pafupi ndi pamene Kasitu amathira mu South Rukuru. Rukuru ameneyu ndi mtsinje wautali ndithu. Amachokera kumwera kwa boma la Mzimba, nayenda cha kumpoto mpaka ku dambo la Vwaza, ndipo pamenepo amakhotera kum'mawa, nadzipanikiza pakati pa mapiri pa mpata wa Njakwa, pafupi ndi Boma la Rumphi. Akangotuluka pa mpata umenewo dziko limatambasuka ngati mphasa imene ayiyala. Pamenepo ndiye pa chiyambi cha Henga.

Kumadzulo kwa chigwa kuli phiri lalikulu la Nyika, limene nsonga yache, Nganda, ipitirira mamita 2,600. Kum'mawa kuli mapiri a Viphya, kumene kuli Mphompha ndi nkhalango ya Uzumara. Pakati pache Rukuru amayenda kulowera kumpoto cha kum'mawa, kufikira atagwa pa mathithi ndi kutsikira ku nyanja pa Mlowe. Mseu wa phula wa ku Karonga umadutsa malo monga Bwengu, Luzi, Mzokoto ndi Phwezi, usanatsike chitunda choopsa cha Chiweta. Mseu wina umapatuka pa Njakwa, nudzera ku Ng'onga ndi ku Mhuju, kukwera cha ku mapiri a Phoka ndi ku Livingstonia, kumene Dr. Robert Laws anakhazika mishoni mu 1894.

Eni dziko ndi Atumbuka, ndipo a m'chigwa muno amatchedwa Ahenga. Pa nthawi ya nkhondo za Angoni, cha m'ma 1880, Ahenga ambiri anathawira ku Karonga pakati pa Ankhonde, ndipo zidzukulu zao ziri komweko kufikira lero. Ndi anthu aulemu zedi. Mukafika pa khomo amayamba akupatsani mpando, kenaka ndi pamene amati "Monire," ndipo mau akuti "Yewo" sachoka pakamwa pao. Amalima chimanga, mtedza, nyemba, chinangwa ndi fodya wa bale, ndipo m'mapiri a Phoka ndi a Mphompha muli khofi.

CHIMENE CHAVUTA

Munthu woyenda pa galimoto amaona chigwa chokoma, koma mlimi akatsika ndi kuyenda pansi amaona zina. Kuyambira cha m'ma 1990, pamene Boma linalola alimi a minda ing'onoing'ono kulima fodya wa bale, zigafa zinachuluka m'midzi yonse. Fodya anabweretsa malata, njinga, ngolo ndi fizi ya ana a sukulu, ndipo palibe angakane zimenezo. Koma chigafa chimadya mitengo. Chimafuna mphanda, mitanda ndi timitengo topachikapo fodya, ndipo chiswe chikalowa, mwini wache amabwereranso ku phiri ndi nkhwangwa. Onjezanipo nkhuni zophikira, nkhuni zootchera njerwa, makala opita m'matauni, ndi moto wa alenje m'chilimwe.

Phiri likavula, mvula imagwa pa nthaka yopanda chofunda. Madzi salowa pansi ai. Amathamanga pamwamba, nakokolola dothi la chonde, nakumba zigwembe zimene zimadula minda pakati. Mnzanga anandionetsa chigwembe china chimene munthu wamtali akalowamo saoneka mutu, ndipo akulu a pamudzipo anati kale inali njira ya ng'ombe yopita ku madzi. Dothi lonselo limathera mu Rukuru, amene m'dzinja amafiira ngati thobwa la mawere.

Kafukufuku amene Boma linachita mothandizana ndi a United Nations anapeza kuti mu 2014, tikaphatikiza dziko lonse la Malawi, hekitala imodzi inali kutaya dothi lokwana matani 29 pa chaka. Kunena mwa chimudzi, amenewo ndi matumba 580 a makilogalamu 50. Mlimi ataona mbala ikutulutsa matumba 580 m'munda mwache angaimbe mfuu mudzi wonse ndi kudzuka. Koma popeza mbala iyi imadza ndi mvula imene tonse timaipempha, timangoiyang'ana tiri pa khonde.

Pamwamba pa izi, nyengo yasokonezeka. Mvula imachedwa kuyamba, kapena imadula chimanga chiri m'maondo, kapena imagwa yambiri tsiku limodzi. Kuyambira m'dzinja la 2016 ndi 2017 tikulimbana ndi mbozi za ntchemberezandonda. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu mazanamazana ku Chigawo cha Kumwera, ndipo mu Malichi 2024 Boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino agwa m'ngozi chifukwa cha ng'amba. Nkhani zotere ndi zimene anthu ayenera kukambirana, ndipo kanema ndi njira imodzi yowasonkhanitsira.

KANEMA SI WA DZULO AI

Kuphunzitsa alimi ndi zithunzi zoyenda kunayamba kale, agogo athu ali ana. Pakati pa 1935 ndi 1937 bungwe lina la mamishoni linayesa nchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment. Anajambula makanema 35, ambiri a iwo ku Tanganyika, nawanyamula pa lole kukaonetsa m'maiko a kuno, ndipo ku Nyasaland anafikanso. Ena mwa makanemawo anali onena za kukokoloka kwa nthaka. Mu 1948 kunakhazikitsidwa Central African Film Unit ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, yotumikira Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo inagwira nchito kufikira 1963. Makanema ache ambiri anali opanda mau. Munthu wina ankaima pambali ndi kumafotokoza m'chinenero cha anthu a pamalopo. Kawirikawiri nkhani yache inali ya anthu awiri, wina wanzeru amene amamvera mlangizi nalemera, ndi wina wopusa amene amakana nasauka.

Koma kanemayo sanabwere yekha. Mu 1946 Boma la atsamunda linaika lamulo losamalira nthaka, ndipo nchito yokakamiza imene inatsatira anthu anaitcha "malimidwe." Munthu wosalima mizere yopingasa kapena wosaunda milambala ankalipitsidwa faindi, ena anamangidwa, ndipo ena mbeu zao zinazulidwa. Nzeru ya mizere yopingasa inali yabwino, ndipo tikuitsata kufikira lero. Koma popeza inadza ndi kapitao ndi khoti, anthu anaida pamodzi ndi amene anaibweretsa. Chidani chimenechi chinathandiza kukuza chipani cha Nyasaland African Congress m'midzi, ndipo chikakamizo chitatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, milambala yambiri inasiyidwa kuti igumuke.

Titalandira ufulu, Unduna wa Zaulimi unali ndi galimoto zachikasu zimene zinkayendera midzi m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Zinkaonetsa masewero a zidole ndi kanema, ndipo Unduna womwewo unkasindikiza magazini ya Za Achikumbi. Makolo athu amazikumbukirabe galimoto zimenezo, ndi m'mene ana ankazithamangira kuyambira ku mseu.

Masiku ano katundu wa kanema wachepa. Makina oonetsera zithunzi, chokuzira mau, batire lodzazidwa ndi dzuwa ndi nsalu yoyera, zonse zimakwana pa kaliyala wa njinga yamoto. Makanema nao achuluka. Bungwe la Access Agriculture, limene linayamba mu 2012, lamasulira makanema aafupi a ulimi m'Chichewa ndi m'zinenero zina za kuno, ndipo munthu angathe kuwaonera pa foni. Bungwe la Purple Field Productions linajambula kuno sewero lotchedwa Mbeu Yosintha, lonena za alimi ndi kusintha kwa nyengo, ndipo makanema a bungweli aonetsedwapo m'midzi yopanda magetsi ndi makina amene munthu amapalasa ngati njinga.

USIKU WA KANEMA

Tinapita ku mudzi wina wa cha ku Mhuju, m'munsi mwa phiri. Tinayamba tapita kukagwada kwa afumu, monga mwa mwambo, ndipo iwo anatuma mnyamata kuti akamemeze anthu. Nsalu tinaipachika pa khoma la sukulu. Sitinayambe msanga ai, pakuti mnzanga anati tidikire kufikira amai atatsiriza kuphika ndi kudyetsa ana. Kanema woyamba dzuwa litangolowa amaonedwa ndi amuna ndi ana okha, chonsecho amene amatola nkhuni, kutunga madzi ndi kugwira khasu masiku ambiri ndi amai.

Mdima utagwira, bwalo linadzaza. Ana anakhala patsogolo pa fumbi, abambo pa mabenchi a sukulu, amai pa mphasa ndi pa zitenje. Mkulu wa mpingo anatsegula ndi pemphero. Popeza makanema awiri anali m'zinenero zina, mphunzitsi wamkazi wa pasukulupo anaima pambali pa nsalu namasulira m'Chitumbuka, monga momwe ankachitira omasulira a zaka zija za Federation.

Kanema woyamba anaonetsa timinda tiwiri pa malo otsetsereka, kena kopanda kanthu, kena kofunda mapesi. Munthu anathira madzi ndi khekhe pa tonse tiwiri, natchera mabotolo kumunsi. Botolo la kamunda kopanda kanthu linadzaza msanga ndi madzi a matope. Botolo linalo munalowa madzi pang'ono okha, ndiponso oyera, pakuti ambiri anamira pansi. Anthu anaonera mwa chete.

Wachiwiri anali wa ku Niger, dziko louma la m'mphepete mwa chipululu cha Sahara. Kumeneko, kuyambira m'zaka za m'ma 1980, mlangizi wina wa ku Australia dzina lache Tony Rinaudo anathandiza alimi kuzindikira kuti zitsa za m'minda mwao sizinafe, koma mizu yache iri ndi moyo pansi. Mlimi amasankha mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka pa chitsa, nasadzula zinazo, nazitchinjiriza ku moto ndi ku mbuzi. Mtengo wotere umakula msanga kuposa wobzala, chifukwa mizu yache inafika kale pa chinyezi. Mwa njira imeneyi alimi a ku Niger anabwezeretsa mitengo pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni. Anthu anazizwa, koma ndinamva bambo wina kumbuyo kwanga akuuza mnzache kuti zimenezo nza kwa eni ache.

Kanema wachitatu sanachokere kutali ai. Mnzanga anamjambula yekha ndi foni yache masabata apitawo. Pa nsalu panaoneka phiri lao lomwelo limene linali kumbuyo kwathu mu mdima, lometedwa mbali imodzi. Panaoneka chigwembe chija, ndi mwana ataima m'kati mwache. Pomwepo bwalo lonse linasokosera. Ana anatchulana maina, amai analoza minda yao, ndipo ena anaseka poona mbuzi za afumu ziri kudya mphukira. Kenaka panaoneka munda wa mai wina wamasiye wa m'mudzi woyandikana nao, amene onse anali kumdziwa. Iye anayenda m'munda mwache akulankhula Chitumbuka, naonetsa mizere ya udzu wa vetiva imene anabzala zaka zapitazo, ndi dothi limene launjikana kumtunda kwa udzuwo mpaka kupanga masitepe. Anaonetsanso mitengo ya msangu imene anaisiya m'munda. Msangu uli ndi khalidwe lache lache: umayoyola masamba m'dzinja, kotero suphimba chimanga, ndipo masambawo amasanduka manyowa. Pamene mai uja anatsegula nkhokwe yache, phokoso linatha.

MAKINA ATAZIMA

Kale kanema akatha, galimoto inkanyamuka ndipo anthu ankabalalika. Mnzanga sachita choncho. Anazimitsa makina, nayatsa nyali, nakhala pansi, nati tsopano bwalo liri m'manja mwa afumu. Zimene zinakambidwa kuyambira pamenepo ndizo zinali nchito yeniyeni ya usiku umenewo. Ankalankhula m'Chitumbuka, ndipo ine ndikupatsani m'Chichewa.

Woyamba kuima anali nkhalamba ina yoyenda ndi ndodo. Inati, "Alangizi, zimenezi tinaziona kale tiri anyamata. Kanema anabwera usiku, m'mawa kunabwera kapitao ndi chingwe. Kodi inu mawa mubwera ndi chiani?" Mnzanga anayankha kuti, "Yewo asekuru. Mawa ndibwera ndi timitengo titatu ndi mwala. Wofuna adzabwera, wosafuna palibe adzamlemba dzina." Anthu anaseka, ndipo nkhalambayo inakhala pansi.

Mai wina anagwada nati, "Adada afumu, ife zitsa tingazisamale. Koma mbuzi zimene taziona pa nsalupo nza yani? Nanga moto amayatsa ndani?" Apa panali kuseka kwina, koma funsolo linali lolemera. Mukakolola, ziweto zimamasulidwa kuti zidye pali ponse, ndipo munthu mmodzi sangasunge mapesi kapena mphukira m'munda mwache ngati mudzi wonse sunapangane. Mutu umodzi susenza denga. Afumu anavomera kuti nkhani ya ziweto ndi ya moto aitengera ku bwalo la nduna zao.

Mlimi wa fodya anafunsa kumene adzatenga mphanda za chigafa phiri likatsekedwa. Mnzanga anamfotokozera za chigafa chamoyo. Mlimi amabzala mitengo m'mizere pa malo pamene afuna chigafa, motalikirana monga zimakhalira mphanda, ndipo ikakula amamangirira mitanda ndi denga pa mitengo yamoyoyo. Chiswe sichiigwetsa, ndipo nthambi zosadzula zimakhala nkhuni. Anamuuzanso za kubzala nsungwi, zimene zikakhazikika mumadula chaka ndi chaka osazitha. Mlimiyo anati nanga zaka zodikira kuti mitengoyo ikule? Anagwirizana kuti mbali imodzi ya phiri ikhale yodulako mitengo ndi chilolezo cha afumu, ndipo mbali inayo, kumene kumachokera kamtsinje kao, isakhudzidwe konse.

Kenaka mwana wa sukulu anafunsa funso limene akulu anali nalo m'mtima. Anati, "Kodi ndife tathawitsa mvula chifukwa cha kudula mitengo?" Funso ili liyenera kuyankhidwa moona. Chimene chikutenthetsa dziko lonse lapansi kwenikweni ndi utsi wa malasha, mafuta ndi gasi zimene zimaotchedwa m'mafakitale, m'nyumba zopangira magetsi ndi m'galimoto, makamaka m'maiko olemera. Mpweya wa utsi umenewo umaunjikana kumwamba, nusunga kutentha monga bulangeti lisunga kutentha kwa thupi, ndipo nyanja zazikulu zikatentha, mphepo ndi mvula zimasokonezeka. Gawo la Malawi pa utsi umenewu ndi laling'ono zedi. Kotero mlimi wa ku Henga sindiye anasintha nyengo ya dziko lapansi. Koma chimene mvula imachita ikafika pa phiri lache ndi m'munda mwache, kaya kulowa pansi kaya kuthawa ndi dothi, chimenecho chiri m'manja mwache.

Mphunzitsi uja anaonjeza kuti alipo mlimi wa kufupi konkuno amene anakanena mau amenewa kwa eni utsiwo. Ndiye mai Anita Chitaya a m'mudzi wa Bwabwa, kufupi ndi Ekwendeni, amene agwira nchito ndi bungwe la alimi la Soils, Food and Healthy Communities, lija linayamba pa Ekwendeni mu 2000 ndi kuphunzitsa kubzala nandolo, mtedza ndi soya pofuna kubwezera chonde m'nthaka ndi kudyetsa bwino ana. Mai Chitaya anapita ku America pamodzi ndi mai Esther Lupafya, nakacheza ndi alimi ndi anthu ena a kumeneko za m'mene kusintha kwa nyengo kukuvutitsira mudzi wao. Ulendo wao unajambulidwa mu kanema wotchedwa The Ants and the Grasshopper, amene anatuluka mu 2021. Amai atamva kuti munthu wolankhula Chitumbuka ngati iwo anachita zimenezi, anapempha kuti tsiku lina adzamuone.

Funso limodzi linatsala lopanda yankho lokwanira. Mnyamata wina anaima kumbuyo mu mdima nati iye amaotcha makala, alibe munda wache wache, ndipo ali ndi mkazi ndi mwana. Anafunsa kuti phiri likatsekedwa adzadya chiani. Ena anatchula njuchi, pakuti ming'oma imafuna nkhalango yamoyo ndipo uchi uli ndi msika. Ena anatchula dimba. Koma ming'oma imafuna ndalama zoyambira, ndipo dimba limafuna malo. Afumu anamuuza kuti abwere kunyumba kwao ndi atsibweni ache kuti akakambe za malo. Ndikulemba zimenezi kuti mudziwe kuti mudzi uli wonse wofuna kusunga nkhalango uyenera kuganizira anthu otere, pakuti lamulo losaganizira mimba ya munthu limathyoledwa usiku.

M'MAWA MWACHE

Kutacha tinapita ku munda wa kumtunda kwa chigwembe chija. Anthu amene anabwera anali ochepa poyerekeza ndi khamu la usiku, ndipo ambiri anali amai. Nkhalamba ya ndodo ija inabweranso, niti yadzaona ngati kapitao alipo.

Mnzanga anatenga timitengo tiwiri totalika mofanana, natimanga pamwamba, napingasa kachitatu pakati, kotero kuti chinaoneka ngati chilembo cha A. Pamwamba anamangirira chingwe, ndipo kunsi kwa chingwe anamangirira mwala. Anaimika chipangizocho pansi nalemba pamene chingwe chakhudza kamtengo kopingasa, kenaka anasinthanitsa miyendo pa malo omwewo nalembanso. Pakati pa zizindikiro ziwirizo ndipo pamene chingwe chiyenera kugwera ngati miyendo yonse iwiri yaima pa malo olingana. Tsono munthu amayenda nacho chopingasa munda, kusuntha mwendo umodzi kufikira chingwe chitagwera pa chizindikiro cha pakati, ndi kukhoma chikhomo. Zikhomo zimenezo ndizo zimaonetsa podzera kalozera. Pa kalozera mumabzala vetiva mvula ikagwa, mothithikana, ndipo mizere yonse ya m'munda imatsata kalozerayo, motalikirana masentimita 75. M'makwalala mumaika ngonyeka kuti madzi aime ndi kumira pomwe agwera.

Sipanapite nthawi, mtsikana wina analanda chipangizocho nayamba kuyenda nacho yekha, anzache akukhoma zikhomo pambuyo. Dzuwa lisanafike pa mutu akalozera atatu anali atalembedwa. Pobwerera tinadzera m'mbali mwa phiri, ndipo amai anatchula maina a zitsa zimene zinali kuphuka, chimodzi chimodzi, ndi nchito ya mtengo uli wonse, wina wa mankhwala, wina wa zipatso, wina wa mipini. Maina ambiri mlangizi sanali kuwadziwa m'Chitumbuka, ndipo anawalemba m'buku lache.

MAU KWA MAFUMU NDI ALIMI

Akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma anatinso mlendo ndi mame. Kanema ali chomwecho. Amadza ndi nzeru zimene angamete nazo mudzi, koma dzuwa likatuluka wapita. Kuyambira 1935 makanema akhala akuuza alimi a dziko lino za kukokoloka kwa nthaka, ndipo nthaka ikukokolokabe. Chimene ndinaona ku Henga ndi chakuti kanema amagwira nchito ngati anthu adziona okha m'menemo, ngati amva m'chinenero chao, ngati apatsidwa nthawi yofunsa ndi yotsutsa, ndiponso ngati m'mawa mwache pali munthu wopita nao ku munda.

Tsono inu mafumu, a makomiti a chitukuko ndi a makalabu a alimi, mukafuna kanema m'mudzi mwanu, funsani mlangizi wa dera lanu. Sankhani miyezi ya chilimwe, pamene anthu akukonza minda ndipo angathe kuyesa msanga zimene aona. Makanema akhale aafupi, awiri kapena atatu, kuti nthawi yambiri itsalire zokambirana. Pezani womasulira amene anthu amamkhulupirira. Dikirani amai. Ndipo ngati pali mnyamata kapena mtsikana amene ali ndi foni yojambula, mtumeni akajambule phiri lanu, mtsinje wanu, ndi munda wa mlimi wa kwanu konko amene akuchita bwino, atayamba wapempha mwini munda. Musajambule munthu pofuna kumchititsa manyazi ai. Masiku a mlimi wanzeru ndi mlimi wopusa anapita.

Kumbukiraninso kuti nyengo yobzala mitengo m'dziko lino imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo chaka chiri chonse. Amene afuna kudzabzala ayenera kufesa mbeu ku nazale m'chilimwe ndi kukumbiratu maenje. Koma amene alibe mbande asadandaule. Apite m'munda mwache ndi chikwanje chakuthwa, aone zitsa zimene zikuphuka, asankhe mphukira zowongoka, asadzule zinazo, ndipo akauze afumu ache za mbuzi ndi za moto mvula isanagwe.